Matayala Oyenera Misewu ya ku Muloza

(Nyimbo yotsegulira, kenaka itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Pulogalamu ya lero ikukamba za matayala. Ikhudza eni mapikapu, madalaivala a mathirakitala, anyamata a kabaza, komanso alimi ndi akuluakulu a m'maesiteti amene akulingalira zogula tigalimoto ta m'minda timene tayamba kudziwika masiku ano. Funso ndi limodzi: kodi munthu angadziwe bwanji tayala loyenera msewu umene amayendamo ndi katundu amene amanyamula?

(Nyimbo ikwere pang'ono, kenaka ithe)

GAWO LOYAMBA: MSEWU NDIWO UMASANKHA

Muloza ili kumapeto kwa msewu wa M2, umene umachokera ku Blantyre, kudutsa ku Thyolo, ku Luchenza ndi pa boma la Mulanje, n'kukathera pa mtsinje wa Muloza, pamalire a Malawi ndi Mozambique. Kuchokera pa boma kukafika pachipatapo ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 30, ndipo ponseponse m'mbali mwa msewu muli minda ya tiyi. Msewuwu ndi waphula. Koma ntchito yeniyeni ya dera lino imachitikira kutali ndi phula: m'tinjira ta m'minda ya Eastern Produce ndi Lujeri, m'misewu yokwera kulowera kutsinde kwa phiri, ndi m'njira za kumidzi kumene kumachokera nanazi, nthochi, nandolo ndi chimanga.

Mbali ino ya phiri la Mulanje ndi imodzi mwa madera amene amalandira mvula yochuluka kwambiri m'Malawi. M'malo ena imapitirira mamilimita 2,000 pachaka, pamene ku Lilongwe nthawi zambiri sikwana ngakhale 1,000. Mvula imeneyi ndiyo inachititsa kuti tiyi akhazikike kuno kuyambira m'chaka cha 1891, pamene Henry Brown anamubzala ku Lauderdale. Koma paja akuluakulu anati walira mvula walira matope. Dothi lofiira la katondo likanyowa limaterera, ndipo limamatirira ku chilichonse chimene chaliponda. Dzinja likatha, miyezi ya June ndi July kumabweranso chiperoni, mvula yowaza yochokera cha ku Mozambique, imene imanyowetsa pamwamba pokha pa msewu, pansi pakadali pouma gwa. Madalaivala ozolowera amadziwa kuti msewu woterewu ndi woterera kuposa wa matope akuya.

Chovuta china n'chakuti nthawi imene misewu imaipitsitsa ndi nthawi yomwenso ntchito imachuluka. Tiyi wambiri amathyoledwa kuyambira December mpaka April. Masamba akathyoledwa sadikira: akakhalitsa m'matumba amatentha, amayamba kufiira, ndipo akafika kufakitale mochedwa amakanidwa kapena kutsika giredi. Thirakitala ikatitimira ndi ngolo yodzaza masamba a alimi ang'onoang'ono, monga aja a bungwe la Sukambizi amene amagulitsa tiyi wawo ku Lujeri, amene amaluza si mwini thirakitala yekha. Ndi mabanja onse amene anadzuka m'bandakucha kukathyola.

Kuwonjezera apo, namondwe Freddy wa mu March 2023 anagumula milatho, anakumba zigwembe, ndiponso anatsitsa miyala yambiri kuchokera m'phiri. Njira zina zimene kale zinali za dothi lokha tsopano zili ndi miyala yakuthwa. Choncho tayala la ku Muloza limakumana ndi zinthu 4: phula, matope, miyala, ndi zitsa. Munthu asanalowe m'sitolo, ayambe wadzifunsa kuti mwa zinayizi, galimoto yake imathera nthawi yambiri pa chiti.

GAWO LACHIWIRI: MANO A TAYALA

Galimoto yonse, ndi injini yake, anthu ake ndi katundu wake, imakhudza pansi pa malo 4 okha, ndipo malo alionse kukula kwake ndi ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Mabuleki, chiongolero ndi mphamvu ya injini, zonse zimadalira timalo timeneti. N'chifukwa chake maonekedwe a mano a tayala si nkhani yokongoletsa.

Matayala a mapikapu ndi magalimoto a 4x4 ali m'magulu akuluakulu 3, ndipo zilembo zake zimalembedwa m'mbali mwa tayala, pafupi ndi dzina.

Gulu loyamba ndi la HT. Awa ndi a pamsewu waphula. Mano ake ndi ang'onoang'ono, oyandikana, ndipo amayenda mwakachetechete osadya mafuta ambiri. Kwa munthu amene amangoyenda pakati pa Muloza ndi Limbe, awa ndi okwanira. Koma akangolowa m'katondo wonyowa, mipata yake imadzaza nthawi yomweyo, tayala n'kusanduka losalala. Apa m'pamene galimoto imangolira, matayala akuzungulira pamodzimodzi.

Gulu lachiwiri ndi la MT, la pamatope. Mano ake ndi akuluakulu, otalikirana, ndipo ena amatsikira mpaka m'mbali. Tayala likamazungulira, matope amene alowa m'mipata amaulukamo okha, mano n'kubwerera pansi ali oyera, okonzeka kulumanso. Pamatope palibe lina lolipambana. Koma pa phula limachita phokoso, limadya mafuta, limatha msanga, ndipo phulalo likanyowa galimoto imachedwa kuima chifukwa mphira yokhudza pansi ndi yochepa. Amene amatsika mapiri a ku Thyolo mvula ikugwa ayenera kudziwa zimenezi.

Gulu lachitatu ndi la AT, lokhala pakatikati. Silifika pa MT m'matope, silifikanso pa HT pa phula, koma limagwira ntchito konsekonse. Kwa pikapu imene m'mawa imatenga nanazi kumudzi, masana n'kukatula kumsika wa ku Limbe, AT ndiye woyenera. MT asiyidwe kwa galimoto imene nthawi yake yambiri imathera m'minda ndi m'njira za kuphiri.

Palinso gulu lina limene ambiri amaligwiritsa ntchito mosadziwa. Magalimoto ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan amafika ndi matayala a nyengo yachisanu. Amadziwika ndi mawu akuti STUDLESS, kapena chithunzi cha phiri la nsonga 3, komanso timizere tambirimbiri topyapyala pa dzino lililonse. Pooneka amakhala ngati atsopano, mano ake akuya bwino. Koma mphira yake ndi yofewa, yopangidwira misewu youndana ndi kuzizira. Pa phula lotentha la mu October imanyenyeka msanga, ndipo galimoto imagwedera pokhota. Matayala ameneŵa amapezekanso pa kaunjika, ndipo wogula amakopeka ndi mano akewo.

(Nyimbo yaifupi)

GAWO LACHITATU: ZOLEMBEDWA M'MBALI MWA TAYALA

Chilichonse chimene wogula ayenera kudziwa chinalembedwa kale pa tayalalo. Chofunika n'kupukuta fumbi ndi kuwerenga.

Pa mapikapu ambiri amakono pamapezeka nambala monga 265/65 R17. Nambala yoyamba, 265, ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita. Yachiwiri, 65, ikunena za kutalika kwa m'mbali mwake, kuchokera pa limu kufika pa mano: ndi magawo 65 pa 100 alionse a kutambalala kuja, kutanthauza mamilimita pafupifupi 172. Nambala yomaliza, 17, ndi kukula kwa limu m'mainchi. Pa msewu wa miyala, nambala yapakatiyo ikhale yaikulu, chifukwa tayala lalitali m'mbali limameza mabampu ndi kuteteza limu. Matayala opyapyala aja amene achinyamata amawakonda m'tauni sachedwa kutupa ndi kupinditsa limu akagunda mwala.

Chilembo cha R chikunena za mmene tayala linalukidwira mkati. Tayala lopopa linafala kuchokera m'chaka cha 1888, pamene John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto wa ku Belfast, anapangira mwana wake matayala a mpweya pa kanjinga kake. Kwa zaka zambiri pambuyo pake, ulusi wa mkati mwa tayala unkayalidwa mopingasa, wina pamwamba pa unzake. Mu 1946 kampani ya Michelin ya ku France inabweretsa kalukidwe katsopano kotchedwa radial, kamene ulusi wake umadutsa molunjika kuchoka mbali ina kupita mbali ina, ndipo pansi pa mano pamakhala lamba wa waya. Tayala la radial silitentha msanga, limakhalitsa, ndipo limagona bwino pansi. Lakale lija, limene limadziwika ndi kamzere m'malo mwa R, monga 7.50-16, ndi lolimba m'mbali ndiponso lotsikirapo mtengo, n'chifukwa chake likadalipo pa ngolo, pa mathirakitala ndi pa njinga zamoto. Lamulo lake ndi lakuti mitundu iwiriyi isasakanizidwe pa ekiselo imodzi.

Pambuyo pa saizi pamabwera nambala ina ndi chilembo, monga 112S. Iyi ndiyo nambala imene anthu ambiri amaidumpha, chonsecho ndiyo imanena kulemera kumene tayala lingapirire. Nambala 91 ikuimira makilogalamu 615. Nambala 100 ndi makilogalamu 800, 106 ndi 950, pamene 112 ndi 1,120. Chilembocho chikunena za liwiro: Q ndi makilomita 160 pa ola, S ndi 180, T ndi 190.

Chitsanzo chili pafupi. Matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50 ndi tani imodzi, ndipo pafupifupi kulemera konseko kumatsamira pa matayala 2 akumbuyo, kuphatikiza kulemera kwa galimoto yeniyeniyo. Pikapu ikavekedwa matayala a 91, opangidwira galimoto yaing'ono ya banja, ndiye kuti apyola kale malire ake isananyamuke n'komwe pamsika wa Limbuli. Tayala lolemedwa limapindika mopitirira muyeso pa kuzungulira kulikonse, limatentha mkati, mphira imasiyana ndi waya, kenaka limaphulika. Galimoto yonyamula katundu kapena minibasi ikufunika matayala okhala ndi chilembo cha C, monga 195R15C, kapena zilembo za LT. Pa ena pamalembedwa 6PR, 8PR kapena 10PR, zimene amakaniko amati mapulayi. Nambalayo ikakwera, kulimba kumakweranso.

Chomaliza ndi tsiku lobadwa. Matayala ambiri ali ndi mzere woyamba ndi zilembo za DOT, umene umathera ndi manambala 4. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Pakalembedwa 2319, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Mphira imakalamba ngakhale tayala lisakuyenda: imauma ndi kuchita ming'alu. Makampani akuluakulu opanga matayala amalangiza kuti likakwanitsa zaka 5 liziunikidwa chaka ndi chaka, ndipo likafika zaka 10 lichotsedwe ngakhale mano akadalipo.

GAWO LACHINAYI: TIGALIMOTO TA M'MINDA

M'mafamu a ku South Africa, ku Australia ndi ku America mwafala tigalimoto tating'ono totchedwa side-by-side. Timakhala ndi chiongolero ngati galimoto, mipando yoyandikana ya anthu 2 kapena 3, zitsulo zoteteza anthu kakagubuduzika, ndi bokosi la katundu kumbuyo. Kampani ya Kawasaki inatulutsa kake kotchedwa Mule mu 1988, ndipo lero kuli John Deere Gator, Polaris Ranger, Kubota RTV ndi Can-Am Defender. Tina timanyamula makilogalamu ofika 450 m'bokosi. Kuno kwathu sitinafale, koma ntchito yake ndi yomwe ija imene akapitawo ndi alangizi a m'maesiteti amagwira ndi pikapu kapena njinga yamoto: kuyendera minda, kunyamula feteleza ndi mbande, kukonza mipope, ndi kufika pamene galimoto yaikulu singakwane.

Saizi ya matayala ake imalembedwa mosiyana. Pakalembedwa 26x9-12, ndiye kuti tayala lonse ndi lalitali mainchi 26, pafupifupi masentimita 66, kutambalala kwake mainchi 9, ndipo limu ndi ya mainchi 12. Nthawi zambiri akumbuyo amakhala otambalala kuposa akutsogolo, monga 26x11-12, koma kutalika kumakhala kofanana. Kufanana kumeneku n'kofunika pa galimoto iliyonse yokoka ndi matayala onse 4. Tayala limodzi likatalikirapo, limazungulira mosiyana ndi anzake, ndipo amene amavutika ndi difu ndi magiya, zida zimene mtengo wake umaposa wa matayala onse pamodzi.

Wogula kagalimoto kotere amayesedwa kuti aike matayala akuluakulu kuposa amene kanabwera nawo, poganiza kuti kakwera m'mwamba ndipo sikadzakhudza pansi. N'zoona kamakwera pang'ono. Koma tambiri mwa tigalimototi timayendera lamba m'malo mwa magiya wamba, ndipo tayala lalitali ndi lolemera limatopetsa lambayo, makamaka pokwera chitunda ndi katundu. Limafooketsanso mabuleki ndi maekiselo. Choopsa kwambiri n'chakuti kagalimoto kakakwera m'mwamba sikachedwa kugubuduzika kakamadutsa cham'mbali pa malo otsetsereka, ndipo minda yambiri ya kutsinde kwa phiri la Mulanje ndi yotsetsereka. Saizi imene opanga analemba m'buku ndiyo yoyenera kutsatira.

Pa nkhani ya mapulayi, dera lino lili ndi adani ake. Tiyi akaduliridwa m'nyengo yachilimwe, timitengo tosongoka timatsala m'mbali mwa njira. M'nkhalango za bulugama, zimene maesiteti amabzala kuti azipeza nkhuni zoumitsira tiyi, mumakhala zitsa. Tayala la 4PR ndi lopepuka ndiponso lofewa poyenda, koma m'malo otere silikhalitsa. La 6PR ndilo poyambira, ndipo la 8PR ndilo loyenera kagalimoto konyamula katundu tsiku ndi tsiku pa miyala.

Mano nawonso asankhidwe moganizira munda. Tayala la mano aatali a pamatope limakumba njira, n'kusiya tingalande timene madzi a mvula amatsata mpaka kusanduka chigwembe. M'njira za udzu za pakati pa tiyi, tayala lotambalala la mano apakatikati limafalitsa kulemera, siliguga dothi, ndipo silikanganula udzu umene umagwira nthaka. Mano aatali asungidwire malo a madambo ndi odikha m'mbali mwa mitsinje monga Ruo ndi Muloza.

Zinthu zina 2 zisaiwalike. Choyamba, matayala ameneŵa amafuna mpweya wochepa kwambiri poyerekeza ndi a galimoto, kawirikawiri pakati pa 10 ndi 20 PSI. Wopopa wozolowera magalimoto akaika 35, kagalimoto kamadumphadumpha ndipo sikagwira pansi. Chachiwiri, ambiri amalembedwa NHS, kutanthauza kuti sanapangidwire msewu waukulu. Kuwathamangitsa pa phula la M2 n'kuwatha msanga, komanso n'kuika moyo pachiswe. Ndipo popeza saizi zimenezi sizipezeka wambawamba m'masitolo, wogula kagalimotoko afunsiretu kumene adzapeze matayala, ndi kusungiratu lapadera.

(Nyimbo yaifupi)

GAWO LACHISANU: KABAZA NDI THIRAKITALA

Chimene chimafika pakhomo lililonse ku Muloza ndi njinga, yakapalasa ndi yamoto. Ndizo zimaolotsa matumba a chimanga kuchokera kutsidya kwa mtsinje ku Milange, ndizo zimathamangitsa wodwala kuchipatala usiku. Pa njinga yamoto nkhani ya tayala ndi yaikulu kuposa pa galimoto, chifukwa limodzi likaterereka palibenso lina logwirira.

Saizi zake zimalembedwa ngati 2.75-17 kapena 3.00-18: nambala yoyamba ndi kutambalala m'mainchi, yachiwiri ndi limu. Naponso pali nambala ya kulemera. Tayala la 47P limapirira makilogalamu 175, la 52P limapirira 200. Wakabaza akakweza matumba 3 a makilogalamu 50 kumbuyo, kuphatikiza thupi lake ndi kulemera kwa njingayo, tayala lakumbuyo limakhala litapyola malire. Choncho posankha lakumbuyo, atenge la nambala yokwera ndi mapulayi 6, ndipo achepetse katundu.

Lakutsogolo ndi lakumbuyo amagwira ntchito zosiyana. Lakutsogolo limaongolera ndi kuimitsa, lakumbuyo limakankha. Ambiri amakhala ndi muvi wosonyeza kumene ayenera kuzungulirira, ndipo akaikidwa chotembenuza sachotsa bwino madzi ndi matope. M'dzinja, tayala la mano a timabokosi limathandiza kwambiri m'njira za kumidzi, koma pa phula lonyowa limafuna kukhota mofatsa. Chizolowezi chosamutsira kutsogolo tayala lotha, n'kuika latsopano kumbuyo kokha, ndicho chimagwetsa anthu ambiri pa katondo, chifukwa lakutsogolo likathawa, njinga imagwa nthawi yomweyo.

Pa thirakitala, mano a matayala akumbuyo amapanga chilembo cha V. Munthu akayang'ana pamwamba pa tayala, nsonga ya V iloze kutsogolo. Akatero, matope amakankhidwira kunja. Akatembenuza, matope amasonkhanira pakati, thirakitala n'kumangopalasa. Pofuna kuti igwire pansi pokoka ngolo yolemera, ena amathira madzi m'matayala akumbuyo mpaka magawo 3 mwa 4, mpata wotsalawo n'kusiyira mpweya. Matayala a ngolo nawonso asanyalanyazidwe. Kawirikawiri ngolo ndiyo imalandira matayala otha amene achotsedwa ku magalimoto ena, chonsecho ndiyo imasenza masamba onse.

GAWO LACHISANU NDI CHIMODZI: MPWEYA, KAUNJIKA NDI ZIGAMBA

Tayala labwino lokhala ndi mpweya wolakwika limatha ngati loipa. Muyeso woyenera umalembedwa pa kapepala komatidwa pa chitseko cha dalaivala kapena m'buku la galimoto, ndipo kawirikawiri pamakhala miyeso 2, wa galimoto yopanda katundu ndi wa yodzaza. Nambala ya PSI yolembedwa pa tayala penipenipo ndi malire omaliza, osati muyeso wa tsiku ndi tsiku. Mpweya uyezedwe m'mawa matayala asanatenthe, ndipo uyezedwe ndi geji. Kumenya tayala ndi phazi kapena sipanala sikuuza munthu kanthu. Geji zina zimawerenga mu bar, ndipo bar imodzi ndi 14.5 PSI.

Mmene tayala likuthera zimaulula vuto. Likatha pakati pokha, mpweya ukuchuluka. Likatha m'mphepete monse muwiri, mpweya ukuchepa. Likatha mbali imodzi, miyendo ya galimoto yapotoka ndipo ikufunika alayimenti.

Pamatope akuya kapena pamchenga wa kumtsinje, kuphwetsako pang'ono kumathandiza chifukwa tayala limatambalala pansi. Koma likangobwerera pa phula lipopedwenso, apo ayi litentha. Pa miyala, tayala la chubu lophwa limatsinitsa chubucho pakati pa mwala ndi limu, n'kubooka malo 2 nthawi imodzi.

Za matayala a kaunjika, aliyense akudziwa chifukwa chake anthu amagula: atsopano akwera mtengo. Amene wasankha njira imeneyi asagule mothamanga. Awerenge manambala 4 a DOT aja. Ayang'ane mkati ndi tochi ngati muli zigamba, makwinya kapena ufa wakuda wa mphira, umene umasonyeza kuti linayendapo lili lophwa. Apapase m'mbali ngati muli chotupa, chifukwa chotupa ndi ulusi umene unaduka mkati ndipo sichikonzeka. Ayang'anenso m'mipata ya mano, mmene muli timizere totukuka todutsa chopingasa. Mano akafanana msinkhu ndi timizereto, ndiye kuti atsala mamilimita 1.6, ndipo tayalalo latha. Pa matope a kuno, limasiya kugwira ntchito kalekale lisanafike pamenepo. Achenjerenso ndi matayala otha amene ajambulidwanso mano ndi mpeni wamoto. Kuchita zimenezi n'kololedwa pa matayala ena a malole okha, olembedwa REGROOVABLE. Pa tayala la galimoto yaing'ono, mpeniwo umafika pa waya.

Kumata kuli ndi malire ake. Bowo la msomali la pa mano, losapitirira mamilimita 6, limamatika bwino ndi chigamba cha mkati. Tizingwe tobaya kunja pa tayala la chubulesi ndi tongofikitsa munthu kwa womata. Koma bala la m'mbali silimatika, chifukwa mbali imeneyi imapindika pa kuzungulira kulikonse. Tayala losokedwa ndi waya kapena loikidwa chidutswa cha tayala lina mkati lisakwezenso anthu.

Ndalama zikakwana matayala 2 okha, onse akhale a mtundu umodzi ndi saizi imodzi, aikidwe pa ekiselo imodzi. Opanga matayala amalangiza kuti atsopanowo apite kumbuyo, chifukwa galimoto ikaterereka kumbuyo pa msewu wonyowa imazungulira ndipo dalaivala sangaibweze. Akale amene achotsedwa asatayidwe pabwalo. M'dzinja amasunga madzi mmene udzudzu umaswana, choncho abooledwe, asungidwe pansi pa denga, kapena aperekedwe kwa amisiri amene amadula nsapato ndi mphira zomangira katundu.

(Nyimbo yotsekera iyambe chapansipansi)

WOULUTSA: Omvera athu, mvula yoyamba imayembekezeka mu November, ndipo ikangoyamba aliyense amathamangira kwa ogulitsa matayala nthawi imodzi. Musadikire tsiku limenelo. Sabata ino pukutani m'mbali mwa matayala a galimoto, thirakitala, ngolo kapena njinga yanu. Lembani pa pepala saizi, nambala ya kulemera ndi chaka chimene linapangidwa. Yezani mpweya ndi geji, osaiwala tayala lapadera. Mukamapita kukagula, tengani pepalalo, ndipo muuzeni wogulitsa msewu umene mumayendamo ndi katundu amene mumanyamula. Inu eni njinga za kabaza ndi maminibasi, mverani madalaivala anu akakuuzani kuti tayala latha, chifukwa iwo ndi amene amanyamula ana athu ndi odwala athu.

(Nyimbo ikwere mpaka kumapeto)